Ajenti amene anandikiliyira Sienta pa Songwe: ntchito amaidziwa, koma muwafunse kuti "zonse" zawozo zikuthera pati

Anzanga akuntchito ndi akutchalitchi mwakhala mukundifunsa kuti galimoto ija ndinadzera kwa ndani, ndiye ndangoti ndifotokoze kamodzi basi. Dzina la kampani sindilitchula pano chifukwa zina zimene ndinene sizowakomera.

Galimotoyo ndi Toyota Sienta ya 1500cc, ndinaigula ku Japan pa intaneti ndipo inatsikira pa doko la Dar es Salaam. Ajentiwa ali ndi kaofesi ku Blantyre komanso mnyamata wawo amene amakhala pa boda ya Songwe. Tsiku loyamba abwana akewo anandiuza kuti "achimwene musadandaule, ife timapanga zonse, inu mudzangolandira makiyi". Ine kumva choncho m'mutu mwanga ndinaona Sienta itaima pakhomo ku Matawale ili ndi nambala kale. Kupusa kwanga ndi komweko, sindinafunse kuti zonsezo ndi ziti.

Ndiyambe ndi zabwino poti zilipo ndithu. Foni amayankha, ngakhale Lamlungu. Galimoto itangotuluka pa doko ananditumizira zithunzi pa WhatsApp mbali zonse, mpaka tayala la sipeya ndi jeke, kuti chikasowa panjira tidziwe pofunsa. Dalaivala wawo anaiyendetsa bwinobwino kuchoka ku Dar kudzera Morogoro, Iringa, Uyole mpaka pa Kasumulu, boda ya mbali ya Tanzania moyang'anizana ndi Songwe, makilomita oposa 900 amenewo, inafika yopanda ndi kokala komwe. Koma chimene ndinawakondera kwambiri ndi nkhani ya duty. Anandifotokozera sitima isananyamuke kuti MRA imayang'ana zaka za galimoto, kukula kwa injini ndi mtengo wake mu madola, ndiye kwacha ikagwa galimoto ili pamadzi msonkho umakweranso, amene zinawapeza mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti akudziwa ululu wake. Anandiuza kuti ndisunge ndalama yapadera pamwamba pa imene anandiwerengerayo. Ndipo ndalama ya msonkho sanaigwire m'manja mwawo, ndinakalipira ndekha ku banki, lisiti lili m'dzina langa. Ajenti wokuuzani kuti "tumizani kwa ine ndikakulipirirani" ine ndiye ayi.

Ndiye Lachitatu lina masana foni ija. "Bwana galimoto yatuluka, mubwera liti kudzatenga?" Ndinati kudzatenga kuti? Akuti pa Songwe. Abale anga, Songwe ndi kumapeto kwa Karonga, ine ndili ku Zomba. Akuti dalaivala wofikitsa pakhomo ndi mtengo wina, mafuta ndi anga, ndipo galimoto ikagona pa boda pali ya malo oimikapo ndi ya alonda. Ndinapsa mtima koma nditabwerera mu ma meseji athu ndinapeza kuti palibe paliponse pamene analemba kuti afikitsa ku Zomba, anangoti zonse.

Ndinatenga alamu anga, amakanika a ku Chinamwali, tinakwera basi mpaka Mzuzu, m'mawa mwake Karonga kenako boda. Mnyamata wa ajenti uja anatipatsa envulopu ya mapepala a kasitomu ndi makiyi, akufuna azipita. Alamu ndi amene anamugwira, akuti "aise, inshulansi ili kuti?" Panalibe. Mukumbuke kuti galimoto siyenda pamsewu wa Malawi yopanda inshulansi, ngakhale ya third party yokha, kaya yangolowa kumene kaya ili ndi nambala ya IT, yongoyembekezera imene galimoto imabwera nayo kuchokera ku doko. Tinadula pomwepo, ndipo ma triangle awiri ndi ma reflector tinagula ku Karonga poti za ku Japan zimabwera zopanda zimenezi. Zinthu zing'onozing'ono izi munthu amene amakiliya galimoto tsiku ndi tsiku akanangondilembera pa foni ndisananyamuke.

Ulendo wobwerera unali bwino. Pa Chiweta ndinawapatsa alamu chiwongolero, ine mapiri amene aja ndi galimoto yoti sindinaizolowere ndinaona kuti ndisadzionetse. Tinagona ku Mzuzu, kenako Chikangawa, Kasungu, Lilongwe, kulipira pa toll gate ya Kalinyeke ku Dedza, Ntcheu, Balaka. Pa rodibuloko iliyonse IT imaimitsidwa, musadabwe nazo, amafuna laisensi, inshulansi ndi mapepala a MRA, zikakhala zonse m'manja amakubayibitsani. Ine ndinachita fotokope mapepala onse, enieniwo ndinabisa pansi pa mpando. Wapolisi wa pa Liwonde anayang'ana tsiku limene galimoto inalowa nkundiuza kuti "bwana mukafika mukalembetse msanga, IT si nambala yoyendera m'tauni". Komanso chokhala ndi Sienta, kuyambira pa Jenda mpaka pa Songani anthu amangokweza mkono kuti ndi takisi, mayi wina pa Domasi anachita kutsegula chitseko tili chiimire kugula nthochi.

Vuto lenileni linatulukira polembetsa, ndipo apa ndi pamene ndawachotsera nyenyezi ajentiwa. Musanapite ku Road Traffic galimoto yochokera kunja imayenera kaye kuonedwa ndi apolisi a Interpol kuti si yobedwa, ndiye amafananiza nambala ya chasisi ndi ya injini ndi zimene zili pa mapepala. Alamu anati tiyeni tiyambe taona tokha kunyumba. Anapukuta pa chasisi ndi kansanza, kuwalitsa tochi ya foni, iwo akuwerenga ine ndikulondola ndi chala pa pepala. Tafika pakati iwo akuti 8, pepala likuti 3. Tinabwereza katatu, mpaka ndinaitana mwana wanga wa Fomu 2 kuti mwina maso athu akalamba. Pa invoice ya ku Japan panali 8, pa galimoto 8, amene analemba pa ajenti ndi amene anaphonya. Kanambala kamodzi kameneko galimoto silembetsedwa, chifukwa pa kompyuta ikuoneka ngati galimoto ina.

Nditawaimbira poyamba anati "aaa zimenezo nzazing'ono, mukangolankhula nawo bwino". Kulankhula nawo bwino kwake kotani? Ine sindifuna galimoto yoti tsiku lodzagulitsa wogula adzapeze blue book ikunena zina chasisi ikunena zina. Ndinakakamira kuti akakonze ku kasitomu komweko. Anakonzadi, koma zinatenga sabata ndi masiku awiri, ine kuimba tsiku lililonse, ndipo mnyamata uja anayesa kundipempha "ya mafuta" pa cholakwa chawo chomwe. Ndinakana, abwana ake atamva anapepesa, pamenepo ndiwayamikire. Masiku onsewo Sienta inali pansi pa mtengo wa mango itafunditsidwa, ine kupita kuntchito pa kabaza, aneba nkumafunsa ngati yafa kale.

Zotsalazo ndinayenda ndekha ndipo sizovuta monga anthu amaopsezera. Pepala la MRA losonyeza kuti galimoto yakiliyidwa, la Interpol, chiphaso cha unzika, ndi traffic register card. Ngati mulibe khadi imeneyi yambani ndi yomweyo galimoto isanafike, chifukwa mu MalTIS, kompyuta ya Road Traffic, galimoto imalembedwa pa nambala yanu ndipo amafuna chala chanu, simungatume munthu. Dzina la pa khadi lifanane ndi la pa mapepala a kasitomu, zoika dzina la akazi anu uku lanu uku mudzalira nazo. Kenako COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, amaona mabuleki, magetsi, matayala, hutala, kenako kukadinditsa nambala. Madobadoba panja ndiye amakuthamangira musanatsike nkomwe, "biggie tikuthandizeni, lero lomwe zituluka", ine ndinangoti zikomo, ndinakhala pa mzere ndi envulopu yanga, kulipira ku banki, lisiti m'thumba.

Ndiye nyenyezi ndiwapatsa zitatu mwa zisanu. Pa doko ndi pa msonkho ali bwino ndipo sanandibere ngakhale tambala. Msuweni wanga wa ku Thondwe akufuna Mira, ndamutumiza komweko, koma ndamuuza kuti awalembetse pa pepala pamene galimoto akaisiye, ndani adula inshulansi, komanso amutumizire chithunzi cha chasisi ndi cha declaration, pepala limene ajenti amalembapo za galimoto, asanapereke ku kasitomu kuti afananize yekha.

Nambala inatuluka ya ZA, Loweruka tinakwera nayo ku Ku Chawe ndi ana, inakwera phiri bwinobwino tili asanu ndi mmodzi. Chatsala ndi wailesi, za ku Japan zimathera pa 90 FM ndiye masiteshoni ambiri sakugwira, alamu akuti apeza ka expander, kachipangizo kothandiza wailesi kugwira masiteshoni enawo, ku Limbe. Pakali pano ndikaliza injini m'mawa kamayi kena kamandilonjera m'Chijapanizi, ana amayankha kuti tadzuka bwino kaya inu.