Vitz yanga patatha miyezi 14: zomwe zavuta ndi momwe tinazikonzera

Ndinakailandira pa Songwe itachokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam. Ndi Toyota Vitz ya 2010, injini ya 1KR-FE ya masilinda atatu. Yatha miyezi 14 ikuyenda pakati pa Area 25 ndi m'tauni, ndipo kangapo yafika kumudzi ku Dedza. Sindinong'oneza bondo ngakhale pang'ono. Zomwe zavuta ndi za ukalamba wake, misewu yathu, komanso kusasamala kwanga.

Mwezi wachisanu inayamba kunjenjemera ikaima pa maloboti, mphamvu n'kuchepa pamtunda, kanyali ka check engine n'kuyaka. Makaniko woyamba anati tisinthe makoyilo (tizipangizo topereka moto ku mapulagi) onse atatu. Ndinakana, ndipo ndinagula kamakina ka OBD2, kowerenga mavuto a injini, kolumikiza ku foni. Kanaonetsa P0302, kutanthauza kuti silinda yachiwiri sikuotcha bwino mafuta. Tinachotsa koyilo ya pamenepo n'kuiika pa silinda yoyamba, nambala inasintha kukhala P0301. Vuto linatsatira koyiloyo, basi tinadziwa chogula. Tinagula koyilo imodzi ndi mapulagi atatu, ndipo mpaka lero sinanjenjemerenso. Kamakina aka ndimakayamikira kuposa chilichonse chomwe ndagulira galimotoyi, chifukwa makaniko akaona kuti nawenso ukuwerenga nambalazo, mumakambirana zenizeni.

M'mawa wina wozizira wa mu Juni inakana kulira, kumangomveka kuti ke-ke-ke. Ndinaganiza kuti batire yatha. Multimeter (mita yoyezera magetsi) inaonetsa 12.6V, zomwe ndi zabwino. Chinali chiufa choyera chomwe chinaundana pa tamino ya batire, pomwe pamamangidwa mawaya. Ndinatsuka ndi soda wosungunula m'madzi, ndinamanga bwino, inalira nthawi yomweyo. Injini ikulira mita inafika 14V, choncho alutaneta ikutchaja.

Pampu ya mafuta ndinaipha ndekha. Nthawi ya kusowa kwa petulo ndinkayenda thanki ili pansi masiku ambiri, ndipo kawiri ndinathira mafuta a m'zigubu. Pampuyi imakhala m'thanki momwemo ndipo petulo ndi amene amaiziziritsa. Akachepa imatentha, komanso imakoka zinyalala. Inayamba ndi kulira ngati njuchi pansi pa mpando wakumbuyo, kenako galimoto n'kumazima panjira. Apa ndiye ndinalipira ndalama zondiwawa.

Kugogoda kwa kutsogolo pa mabampu kunali ma stabilizer link (tizitsulo tothandiza kuti galimoto isapendekeke kwambiri pokhota), ntchito ya ola limodzi. Galimotoyi ndi yotsika, ndiye mumsewu wafumbi nthawi ya dzinja muziyenda modekha.

Petulo imamwa pang'ono, ndipo injiniyi ili ndi tcheni osati lamba, choncho nkhawa ya timing belt palibe. Chomwe ndikusamala kwambiri ndi giyabokosi ya CVT, mtundu wina wa otomatiki womwe umafuna mafuta akeake. Wina anafuna kuthiramo ATF, mafuta a giyabokosi ya otomatiki wamba, ndinamugwira dzanja. Mafuta oyenera a CVT ndagula kale, tisintha Loweruka likubwerali.