Mahedifoni a Bluetooth pa kompyuta, patapita miyezi

Mnzanga wandifunsa ngati mahedifoni opanda waya amene ndinagula aja ndi oyenera ndalama zake. Batire ikusungabe moto bwino, mabatani onse akugwira, ndipo pa foni akumveka bwino zedi. Mavuto ali pa kompyuta.

Nyimbo imalira bwinobwino, koma mukangotsegula Zoom kapena Teams, besi imazimiririka ndipo mawu amasanduka ngati a wailesi yakale yotha mabatire. Mahedifoni amakhala sanawonongeke. Bluetooth ili ndi njira ziwiri zotumizira mawu ku mahedifoni. Yoyamba, yotchedwa A2DP, imatumiza mawu a stereo koma silola maikolofoni kugwira. Pulogalamu ikafuna maikolofoni ya pa hedifoni, Windows imasamukira ku njira yachiwiri, yotchedwa Hands-Free, komwe mawu ndi a mono pa 8 kHz kapena 16 kHz basi. Kuti izi zithe, lowani mu Control Panel, pitani pa Devices and Printers, dinani batani lakumanja la mausi pa dzina la hedifoni, sankhani Properties, kenako Services, n'kuchotsa chizindikiro pa Handsfree Telephony. Polankhula muzigwiritsa ntchito maikolofoni ya laputopu kapena ya USB. Mukachotsa hedifoni pa mndandanda n'kuilumikizanso, chizindikirocho chimabwerera, ndiye muyenera kuchichotsanso.

Kudukaduka kwa mawu kuli ndi chifukwa china. Mapoti a USB 3.0, aja amakonda kukhala abuluu mkati, amatulutsa phokoso pa 2.4 GHz, pomwenso Bluetooth imagwirira ntchito. Kadongo ka Bluetooth (dongle, kachipangizo kakang'ono kolowetsa mu poti ya USB) kasamukire pa poti ya USB 2.0 kapena kumapeto kwa kachingwe kowonjezera, ndipo Wi-Fi ipite ku 5 GHz kuti isasokonezane ndi Bluetooth.

Chondipweteka ndi ndalama. Wogulitsa anatamanda LDAC yolembedwa pa bokosi, yomwe ndi kapakidwe ka mawu kowatumiza momveka bwino kwambiri pa Bluetooth, osatchula kuti Windows payokha siidziwa LDAC. M'malo mwake imagwiritsa ntchito kapakidwe kena: SBC, aptX, kapena AAC pa Windows 11. Nditabwerera, anati chipangizocho chilibe vuto, choncho palibe chobweza. Zikopa za m'makutu zitayamba kusupuka n'kumatulutsa besi m'mbali, anatinso waranti sikhudza zimenezo, ndigule zina.

Tsiku limene zonse zikuyenda, ndimawakonda ndithu. Koma amene akufuna mahedifoni a pa kompyuta pokha asalipire mtengo wa LDAC. Atenge otsika mtengo okhala ndi kadongo kawokawo ka USB, ndipo asanapereke ndalama afunse wogulitsa ngati zikopa zosinthira zimapezeka komanso zimene waranti imalipira.