Maola 3 ophunzira ulemu wa ku Japan m'misewu ya Kyoto: nyenyezi 4 mwa 5

Ine ndi mayi a kunyumba tinalipira ulendo woyenda pansi ku Gion, dera lakale la mumzinda wa Kyoto, wophunzitsa alendo khalidwe loyenera mumzindawu, womwe unali likulu la Japan kuyambira mu 794 mpaka 1868. Tinauika dala tsiku loyamba, ndipo unatithandiza sabata yonse.

Mayi amene ankatitsogolera sankangoletsa, ankanena chifukwa chake. Pachipata cha kachisi wa Yasaka, wa chipembedzo cha Chishinto, anati tiwerame pang'ono n'kudutsa cham'mbali, poti pakati pa njira m'podutsa milungu. Posamba m'manja umayamba lamanzere, kenako lamanja, n'kuchukucha mkamwa ndi madzi a m'dzanja, osagunditsa mlomo pachikho. Popemphera amawerama kawiri, kuomba m'manja kawiri, n'kuweramanso kamodzi. Koma ku Kennin-ji, kachisi wa Chibuda wa mu 1202, anatichenjeza kuti kumeneko saomba m'manja.

Zomwe zinandikhudza kwambiri ndi za timitengo todyera. Kutizika chilili mumpunga n'kolakwika chifukwa mpunga wotere amaikira womwalira. Kupatsirana chakudya kuchoka pa timitengo tako kupita pa ta mnzako n'koipa koposa, poti umu ndi mmene abale amatolera mafupa mtembo ukawotchedwa. Nditamva kuti nkhani yake ndi ya maliro, sindinafunikenso wondikumbutsa.

Za zithunzi anazinena mosapsatira. M'tinjira ta eni ake ku Gion muli zikwangwani zoletsa kujambula, chindapusa chake mayeni (ndalama za ku Japan) 10,000. Anati "geiko" (akazi osangalatsa alendo ndi magule ndi nyimbo zachikhalidwe) ndi "maiko" (atsikana ophunzira ntchitoyi) amene mukuwaona akuthamangira kuntchito, musawatsekereze njira. Tikuyenda tinaonadi anthu akulondola mtsikana mmodzi ndi mafoni, ndipo zinandimvetsa chisoni.

Mawu anatipatsa ochepa koma ogwira ntchito. "Sumimasen" ndi pepani, komanso ndi poitana woperekera zakudya. "Itadakimasu" usanadye, "gochisousama deshita" ukatha. Polowa m'nyumba ya munthu umati "ojamashimasu", pafupifupi ngati odi wathu, ndipo kulandira ndi manja awiri kunali ngati kwathu komwe. Tsiku lotsatira nditanena "ookini", zikomo wa ku Kyoto, agogo ogulitsa tiyi anamwetulira mpaka kutiperekeza pakhomo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa gulu linali lalikulu. Tinalipo 14, ndipo m'tinjira topapatiza ife akumbuyo sitinkamva bwino. Komanso polipira sanatiuze kuti tidzavula nsapato m'kachisi, ndiye ena ovala nsapato za zingwe anatichedwetsa. Valani zosavuta kuvula ndi masokosi abwino, ndipo tengani kathumba ka zinyalala poti mabini m'misewu ndi osowa.

Pomaliza ndinafuna kuwapatsa mayi otitsogolerawo kangachepe, koma anakana mwaulemu, akuti ku Japan sachita zimenezo. Funsani gulu la anthu ochepa, ngakhale mtengo ukwereko.