Piritsi, diripi kapena jakisoni: nsagwada imaopa chiti?

Amene tili pa mankhwala olimbitsa mafupa tinamvako za vuto la nsagwada: fupa limafa, nkhama zimatseguka, bala n'kukhala osapola kupitirira masabata 8. Dokotala Robert Marx wa ku Miami analemba za vutoli mu 2003. Kawirikawiri limayamba munthu akazulitsa dzino, ndipo limakonda nsagwada ya m'munsi.

Alendronate ndi piritsi limodzi pa sabata. Mumamwa m'mawa musanadye kanthu, ndi madzi odzadza kapu, kenako osagona kwa mphindi 30, apo ayi chilungulira sichikusiyani. Kwa amene angofooka mafupa, ogwidwa nsagwada m'zaka zoyambirira sakwana mmodzi pa anthu 1,000, koma chiopsezo chimakwera mukapitirira zaka zinayi.

Zoledronic acid ndi wa m'diripi, ndipo apa m'pamene ambiri timasokoneza. Wa mafupa ofooka amalandira 5 mg kamodzi pa chaka, chiopsezo chake n'chochepa ngati cha piritsi. Wa khansa yofalikira m'mafupa amalandira 4 mg pa masabata atatu kapena anayi alionse, ndipo pamenepo mmodzi kapena angapo pa anthu 100 amagwidwa. Mankhwala omwewo, koma mlingo wosiyana kutali. Alendronate ndi zoledronic acid onse amakhazikika m'fupa zaka zambiri, choncho kudumpha sabata imodzi musanakazulitse dzino sikuwachotsa m'thupi.

Denosumab, amene amagulitsidwa m'dzina la Prolia, ndi jakisoni wa miyezi 6 iliyonse. Iyeyu sakhazikika m'fupa, ndipo amatheka ngakhale kwa amene impso zawo n'zofooka. Zomveka bwino, koma mukachedwa kubayitsa kapena mukangosiya, mafupa amafookanso msanga, a msana n'kuyamba kuthyoka. Nsagwadanso sakuipulumutsa. Kuno ku Mzuzu, ngati simukutsimikiza kuti jakisoni wotsatira mudzamupeza pa nthawi yake, ine ndingasankhe piritsi kapena diripi ya pa chaka.

Kusiya mankhwala poopa nsagwada ndiye sindikugwirizana nako. Gogo akathyoka fupa la m'chiuno, ambiri sayendanso ngati kale.

Musanayambe aliwonse mwa atatuwa, kaonetseni mano ku chipatala cha Mzuzu Central, owola azulidwe bala lipoleretu, makamaka ngati muli ndi shuga, mumasuta fodya kapena mumamwa prednisolone. Amene munayamba kale, tengani buku lanu la kuchipatala popita kwa dokotala wa mano, mumutchulire dzina la mankhwalawo, ngakhale munawasiya zaka zapitazo.