Shetland, Haapsalu kapena Orenburg: ndi shawelo iti ingandithere ulusi wadzaza m'kabatiwu?

Loweruka lapitali ndinakhuthulira kabati yonse pabedi, n'kutenga sikelo ya kukhitchini ija ndimayezera fulawa. Ndinayeza mpukutu umodziumodzi ndikulemba m'kope, ndipo pothera pake ulusi wonse unakwana makilogalamu 6 ndi kanthu pamwamba. Bambo a kunyumba anangosuzumira pakhomo, kufunsa ngati tikutsegula sitolo, n'kubwerera kukaonera mpira wawo. Sindinawayankhe chifukwa mlandu unali wanga. Chibwerereni kuno ku Scotland, ndikangoona ulusi wa nkhosa wotsitsidwa mtengo manja amayabwa. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kuluka ndinaphunzira kwa mayi anga. Tinkaluka majuzi a sukulu ndi mashawelo a makanda ndi ulusi wa akiriliki wa pamsika, ndipo kotsala kalikonse kankapita ku chipewa kapena sokosi. Ulusi wogona m'kabati chaka chathunthu kunalibe. Matenda osunga ulusiwa ndawatengera kuno, makamaka nditayamba mashawelo a lesi, aja opyapyala oti amadutsa mu mphete ya ukwati. Anzanga ambiri oluka amandifunsa kuti ayambe ndi mtundu uti, ndipo pafupifupi onse amawonjezera kuti akufuna kuchepetsako ulusi umene ali nawo kale. Mitundu itatu yotchuka, ya Haapsalu, ya Orenburg ndi ya Shetland, ndinailukapo yonse, choncho ndinene mmene ndinaionera.

Ndiyambe ndi Haapsalu, chifukwa ndi umene umakopa maso msanga. Haapsalu ndi katauni ka m'mphepete mwa nyanja ku Estonia. Kuyambira 1825 anthu ankapitako kukachiritsidwa ndi matope a m'nyanja, olemera a ku Russia ankadzaza kumeneko nyengo yotentha, ndipo amayi a m'tauniyo anapezerapo msika wa mashawelo. Shawelo yake yeniyeni imakhala yoyera, yaitali mamita awiri osakwana, yolukidwa ndi ulusi wa nkhosa wopyapyala kwambiri pa tisingano tamtengo tatifupi. Ambiri lero amagwiritsa ntchito merino, ulusi wofewa wa nkhosa za dzina lomwelo, wolembedwa 2/28, kutanthauza kuti magalamu 100 ali ndi mamita 1,400. Singano ndi ya 3 mm kapena 3.5 mm, yonenepa ndithu poyerekeza ndi ulusiwo, n'chifukwa chake nsaluyo imatuluka ngati nkhungu.

Ubwino wake waukulu kwa woyamba ndi wakuti mzere wobwerera ndi wa purl yekhayekha, sitichi wamba yosapanga mabowo. Umawerenga mabowo popita, pobwerera mutu umapuma. Koma pali kanthu kena kotchedwa nupp, kamfundo kooneka ngati kambewu ka mpunga. Mu sitichi imodzi umatulutsamo zingwe 7, ena 9, ndiye pobwerera uzilukire pamodzi zonsezo kamodzi. Tsiku langa loyamba ndinazimanga zothina monga ndinazolowera ndi akiriliki. Singano inakana kulowa. Ndinalimbana nayo mpaka nsonga ya chala kuchita thuza, ndipo nditakakamiza ndinagwira zingwe 6, yachisanu ndi chiwiri n'kutsala ikulendewera, ine osaona. Ndinadzaizindikira nditaluka mizere 20, bowo litayasama pakati pa duwa. Mankhwala ake ndi kukoka chingwe chilichonse motayirira, pafupifupi sentimita yathunthu, ndi kuziwerenga musanazichotse pa singano. Anthu amanena kuti kale mashawelowa ankagulitsidwa poyeza kulemera, ndiye timfundoti tinkawonjezera mtengo. Tinalinso umboni wakuti yalukidwa ndi manja, poti makina a nthawiyo sankatha kutipanga.

Chimene sindikonda pa Haapsalu ndi mphonje. Lesi ya m'mphepete imalukidwa payokha, zigawo ziwiri, kenaka n'kuisokerera pamanja kuzungulira shawelo yonse. Ukasoka mothina shawelo imakwinyika, ndipo sungaikungenso bwino. Ine amene ndinathawa kusoka kuti ndiziluka, madzulo amenewo amandiwawa.

Orenburg ndi nkhani ina. Mzindawu uli ku Russia, m'mbali mwa mtsinje wa Ural, kufupi ndi malire a Kazakhstan, ndipo shawelo yake chinsinsi chili pa mbuzi. Mbuzi za kumeneko zimamera ubweya wam'kati wofewa kwambiri wodzitetezera ku chisanu, anthu amaupesa ndi chipeso nyengo yawo yozizira ikamatha, n'kuupota pamanja ndi kamtengo kozungulira m'kambale. Pa shawelo yopyapyala, imene eni ake amaitcha pautinka, kutanthauza ukonde wa kangaude, ubweyawo amaupotera pamodzi ndi silika. Pa yochindikala yotuwa ija, yofunda m'chisanu choopsa, amaupotera ndi thonje. Ikangochoka pa singano sioneka yachilendo. Ubweya umadzatutumuka pang'onopang'ono mukamaivala, mpaka nsaluyo kuoneka ngati yakutidwa ndi utsi.

Kalukidwe kake ndimakalemekeza kuposa ena onse. Umayamba ndi timano ta m'mphepete mwa pansi, n'kukhota pangodya, kutola masitichi, kenaka kukwera ndi thupi lonse pamodzi ndi timano ta mbali zonse ziwiri. Palibe chosoka. Zithunzi zake n'zochepa ndipo zili ndi maina osavuta, monga mapazi a mbewa, mapazi a mphaka, zisa za njuchi ndi maso a nsomba, ndipo ukazidziwa pepala umalitaya. Vuto ndi ulusi. Weniweni wa mbuzizo ndi wosowa, achinyengo ogulitsa wosakaniza achuluka, ndipo chiyambireni nkhondo ya ku Ukraine mu 2022 kugula katundu ku Russia uli ku Britain kwavutiratu. Ine ndinalukira ulusi wa mohair, ubweya wa mbuzi za mtundu wina, wosakaniza ndi silika, uja wa mamita pafupifupi 210 pa magalamu 25. Inatuluka yokongola, koma mohair sakhululuka. Ukalakwitsa, tiubweya timakolana ndipo kumasula mzere umodzi kumatha ola. Mnzanga wina anandiuza kuti ndiziyamba ndaiika mufiriza kwa kanthawi, ndipo zimathandizadi pang'ono. Ngati ulusi wotere mulibe kale, Orenburg ingokutumani kusitolo, kabati n'kudzazirako.

Tsono Shetland, kumene mtima wanga unatsalira. Ndi tizilumba ta kumpoto kwenikweni kwa Scotland, ndipo sitima yochoka ku Aberdeen madzulo imafika ku Lerwick kutacha. Lesi yosalala kwambiri inkachokera pa chilumba cha Unst. Nkhosa zakale za kumeneko sankazimeta, ankazizula ubweya ndi zala nthawi imene ukuthothoka wokha, ndipo wa pakhosi, wofewetsetsa, ndiwo unkapita ku mashawelo a mphete. M'zaka za m'ma 1840 malondawa anakula, Mfumukazi Victoria atakondwera nazo zoluka za kumeneko. Olukawo sanalemere nazo ayi. Ambiri ankalipidwa tiyi, nsalu ndi katundu wina wa m'sitolo ya wogulayo m'malo mwa ndalama, mpaka boma linatumiza ofufuza mu 1872. Ndikaona zithunzi zakale za amayi ataberekera dengu la nkhuni zawo za dothi kumsana, manja akuluka ali paulendo, ndimakumbuka kwathu.

Ulusi wa Shetland ndi wokhakhala pang'ono poyerekeza ndi merino, ndipo ena amadandaula kuti umayabwa pakhosi. Koma kukhakhalako ndiko kumapulumutsa woluka. Sitichi ikagwa pa singano imakhala pomwepo kukudikira, pamene ya merino kapena silika imathawa mpaka pansi ngati sokosi ya nayiloni. Ku sitolo ya Jamieson & Smith ya ku Lerwick amagulitsa timipukutu ta magalamu 25, ndipo pali wa chingwe chimodzi wotchedwa cobweb ndi wa zingwe ziwiri. Woyamba asayerekeze cobweb. Amaduka ukangokoka mwamphamvu, ndipo lesi yeniyeni ya Shetland nthawi zambiri ili ndi mabowo mzere uliwonse, popita ndi pobwerera, popanda popumira. Apa m'pofunika kupisa kaulusi ka thonje kosalala m'masitichi onse pakatha mizere 10 iliyonse, kuti zikasokonekera mumasule mpaka pamenepo basi.

Nditatha kuyeza ulusi uja, ndinayezanso mashawelo amene ndinaluka, ndipo apa m'pamene ndinakhala pansi. Ya Haapsalu magalamu 90, ndipo inanditengera miyezi itatu. Ya Orenburg magalamu 75. Ya Shetland yosalala magalamu 110, miyezi isanu ndi umodzi, maso kuchita kufiira. Nditati ndiziluka za Haapsalu zokhazokha, zinayi pa chaka, ndiye kuti ndi magalamu 360. Makilogalamu 6 aja adzatha patapita zaka pafupifupi 17, ndisanagule ngakhale kampukutu kamodzi. Komanso mitundu itatu yonseyi imafuna ulusi wa mtundu umodzi, wonyikidwa mumphika umodzi, wokwanira shawelo yonse. Pamene m'kabati mwanga, monga mwa ambiri a ife, muli kawiri apa, kamodzi apo, theka lotsala pa juzi ya mwana. Lesi yosalala sidya zotsalira. Imangokupatsa chifukwa chabwino chogulira wina.

Imene imadya zotsalira ndi mng'ono wake wosatchuka, hap. Imeneyi ndiyo shawelo imene amayi a ku Shetland ankavala okha tsiku ndi tsiku, zosalala zija atagulitsa, ndiponso ankafunditsira makanda. Pakati pake ndi plain yekhayekha, kuluka wamba kopanda mabowo, mbali zinayi zofanana. Kuzungulira pamenepo pali chithunzi cha mafunde chotchedwa Old Shale, ndipo kunja kwenikweni timano tosavuta. Mafundewo amalukidwa m'mizeremizere ya mitundu yosiyana, chifukwa nkhosa za Shetland zili ndi mitundu yachibadwa 11, kuyambira yoyera, yotuwa, yofiirira imene amaitcha moorit, mpaka yakuda. Ndiye kuti hap inabadwira kulandira timipukutu tosiyana. Mzere wofunika kuwerenga umabwera mwa apo ndi apo, ina yonse mutha kuluka mukucheza kapena muli m'basi. Yanga yomaliza inadya magalamu 340 m'masabata asanu, mitundu isanu ndi iwiri, ndipo palibe umene ndinagula chifukwa cha iyo.

Kusakaniza kuli ndi malamulo ake. Ulusi ukhale wonenepa mofanana, apo ayi mafunde amapindika mbali imodzi. Wopyapyala kwambiri muuphatikize pawiri, ndipo umu ndi mmene merino wanga wa 2/28 wayambira kuyenda. Musaike wa nkhosa wosachapika ndi makina pamodzi ndi akiriliki mu shawelo ya khanda, chifukwa mayi wotopa adzaiponya m'madzi otentha, mzere umodzi n'kufota, unzake osafota. Posankha mitundu, ndimayala mipukutu pansi n'kujambula ndi foni, chithunzicho n'kuchisandutsa chakuda ndi choyera. Iwiri imene ikuoneka yofanana pamenepo siyenera kugundana.

Kwa inu amene muli kumudzi ndipo chimene chikupezeka ndi akiriliki, apanso hap ndiyo yanu. Lesi ya ubweya ikachoka pa singano imaoneka ngati chisanza. Kukongola kumabwera mukaichapa n'kuikunga ili yonyowa ngati chikopa cha ng'oma, ku Shetland ndi ku Haapsalu pa mafelemu amatabwa, ine pa matiresi ndi mapini. Ubweya ukauma umasunga mmene mwaukungiramo. Akiriliki sasunga, mukangochotsa mapini amabwerera mwakale, mabowo onse n'kutsekeka. Mutha kumugonjetsa ndi nthunzi ya ayironi, ayironiyo osakhudza nsalu, koma zikatero sabwereranso, ndipo mukapyoza muyeso amasanduka lende ngati pulasitiki. Mafunde a Old Shale amaoneka ngakhale osakunga kwambiri, ndipo m'chiperoni cha June hap imafunditsa mwana kuposa ukonde wa kangaude. Ulusi wa thonje wa madoilo umatulutsa lesi yooneka bwino, yoyenera malo otentha, koma sutamuka, choncho za nupp muiwale.

Za kasungidwe ndinene mwachidule, poti ndinaphunzira ndi misozi. Dengu lotsegula limakongoletsa pabalaza koma ndi phwando la njenjete, zimene zimadya ubweya n'kusiya akiriliki. Matumba ochotsa mpweya amasunga malo, koma ulusi umaphwatalala ndipo chimene suchiona umachiiwala, n'kukagulanso chomwecho. Ndakhazikika pa mabokosi a pulasitiki oonekera m'kati, mpukutu uliwonse m'kathumba kake ndi kapepala ka dzina ndi kulemera. Ulusi wogula pa kaunjika kapena wopatsidwa umayamba wagona mufiriza masabata awiri usanakumane ndi unzake.

Mukandifunsa tsono, woyamba lesi amene ali ndi merino woyera wokwanira ayambe Haapsalu, asankhe chithunzi cha timfundo tochepa. Wofuna kuphunzira kuluka popanda pepala ayese Orenburg, koma ayesere pa ulusi wosalala asanakhudze mohair. Shetland yosalala isungireni ukwati kapena ubatizo umene tsiku lake lili kutali. Ine pakali pano ndayala pabedi magalamu 400 a zoyera, zofiirira ndi zotuwa, za hap ya mwana wa mchemwali wanga amene akuyembekezera mu May. Pakati padzakhala poyera, kenaka mafunde azidera kunka kunja. Moorit ndili naye magalamu 18 okha, ndiye mzere wake udzakhala wopyapyala kuposa inzake, ndipo ndaupatsa malo pafupi ndi timano kuti zioneke ngati ndinachita dala.