Malata oonekera a polycarbonate: kodi ndi oyenera pa nyumba yakale?

Nyumba zambiri zakale za m'tauni, monga zimene Malawi Housing Corporation inamanga ku Area 18 ndi ku Nkolokosa, zili ndi vuto limodzi: mawindo ang'onoang'ono ndi kolido yamdima bii ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo. Babu limayaka tsiku lonse, magetsi akazima mumayenda mopapasa khoma. Kugumula khoma kuti mukulitse windo kumafuna lintala yatsopano, pomwe kolido nthawi zambiri ilibe n'komwe khoma lakunja. Apa m'pamene lata loonekera limagwira ntchito, ndipo la pulasitiki yolimba yotchedwa polycarbonate ndi limene ndikuliona kuti n'loyenera ndalama yake.

M'mashopu a hadiweya muli mitundu iwiri imene ogulitsa ena amaitchula dzina limodzi. La fibreglass n'lotsikirapo mtengo, ndipo mukaliyang'ana padzuwa mumaona timaulusi mkati mwake. Likakhala zaka zingapo padenga limasanduka lachikasu, timaulusi tija timatulukira pamwamba n'kumagwira fumbi, kuwala n'kuchepa. La polycarbonate ndi losalala, limapindika osathyoka, ndipo matalala saliboola msanga. Mtengo wake ndi wokwera kuposa lata lachitsulo, koma nyumba yonse imangofuna limodzi kapena awiri.

Pogula, yambani mwayeza malata amene ali padenga lanu. Ngati ndi a IBR, gulani la IBR, limene limaphimba mamilimita 686 m'lifupi. Ngati ndi amizere yozungulira akale aja, gulani lofanana nawo. Mizere ikasiyana pang'ono chabe, palibe silikoni amene angaletse kudontha. Kukhuthala kwake kusachepere milimita imodzi. La mamilimita 0.8 n'lopyapyala, sililimba ngati lokhuthala.

Mtundu wake ndi pamene ambiri amalakwitsa. Loyera mbee ngati galasi limalowetsa pafupifupi kuwala konse, pamodzi ndi kutentha kwake. Kuno kwathu dzuwa la Okutobala ndi Novembala limakhala paliwombo penipeni, ndiye chipinda chimasanduka uvuni, pansi n'kukhala chigamba chimodzi chothobwa m'maso pomwe m'makona muli mdimabe. Lotuwa ngati mkaka, limene amalitcha opal, limamwaza kuwala m'chipinda monse ndipo silitentha kwambiri. M'nyumba ikani limeneli. Loyera mbee lisiyireni khonde kapena poyanikira zovala. Kukulanso kwake kusapitirire: malo olowera kuwala akhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 20 a pansi pa chipindacho. Kolido ya mamita 1.2 kwa 6 imakwanira ndi bowo la masentimita 60 mbali zonse.

Vuto lalikulu la malatawa ndi lakuti salola kukhomedwa mwachizolowezi. Polycarbonate imafutukuka ikatentha kuposa chitsulo kasanu. Lata la mamita atatu limatalika pafupifupi mamilimita 8 pakati pa usiku wozizira wa Juni ndi masana a Okutobala. Kalipentala akalikhoma ndi msomali wamalata n'kuthinitsa, limasowa koyendera, limalira "tha! tha!" dzuwa likamatuluka, kenako ming'alu imayambira pa msomali uliwonse. Mabowo aziboola ndi drill pamwamba pa mzere, osati m'ngalande moyenda madzi, ndipo bowo likule kuposa screw ndi mamilimita awiri kapena atatu. Screw ikhale ndi washa ya labala ya EPDM, imangidwe mpaka washayo itangokhudza bwino, osaiphwanya. Silikoni wonunkha ngati viniga amawononga polycarbonate. Funsani wolembedwa neutral cure.

Mbali imodzi yokha ndi imene nthawi zambiri imakhala yotetezedwa ku dzuwa, ndipo imalembedwa pa pepala lapulasitiki lomatidwa pamwamba kapena m'mphepete mwa latalo. Mbali imeneyo iyang'ane kumwamba. Likatembenuzidwa limachita chikasu ndi kuuma ngati fibreglass yemwe uja, mwini nyumba n'kumanyoza katundu pomwe cholakwa chinali cha wokhoma. Polumikizana ndi lata lachitsulo, lakumtunda lisanjike pa lakumunsi ndi masentimita osachepera 20, ndipo mapulanga okhomerapo asatalikirane kupitirira mita imodzi. Mapulangawo apakeni penti yoyera pamwamba kuti asamatenthetse lata pamene akhudzana.

Ngati nyumba ili ndi siling'i, lata palokha lingowalitsa makoswe kudenga. Pamafunika kudula siling'i, kumanga bokosi la plywood kuchokera pa lata kufika pa bowolo, kulipaka penti yoyera mkati, ndi kutseka pansi ndi pulasitiki yotuwa. Bokosilo likamatambasuka chakumunsi kuwala kumafika patali. Chotsekera chapansicho chimagwiranso timadontho ta mame timene timapangika kunsi kwa lata m'mawa wa nyengo yozizira, makamaka pamwamba pa bafa ndi khitchini. Mkati mwa bokosimo ikani zitsulo zotchinga ngati za pawindo, chifukwa lata ili wakuba amalidula mosavuta kuposa lachitsulo.

Pali madenga amene sindingalimbikitse n'komwe. Nyumba zina zakale zinafoleredwa ndi malata a asbestos, otuwa ngati simenti aja. Fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda oopsa, kuphatikizapo khansa, choncho musawadule kapena kuwaboola kuti mulowetsepo lata loonekera. Ngati mukufuna kulisintha, denga lotere limafunika kuchotsedwa lonse mosamala, malata atanyowetsedwa ndipo osawaswa. Denga lathyathyathya kwambiri nalonso silabwino, popeza mvula yamphepo imabwerera m'mwamba kudzera polumikizira.

Fumbi la chilimwe limachepetsa kuwala ndithu. Mvula isanayambe litsukeni ndi madzi, sopo wamba ndi kansalu kofewa. Petulo ndi thinner zimaliwononga. Wotsukayo asaponde pa lata lenilenilo. Ayale thabwa pa malata achitsulo a m'mbali mwake n'kugwadapo.