Bwato logoba kapena kayaki: zomwe ndinaona ku Chia

Anzanga okonda mbedza amandifunsa kuti akafuna kukagona usiku umodzi kapena uwiri m'mbali mwa madzi odikha, akwere chiyani: kayaki ya pulasitiki, ngati zija amabwereketsa m'malo ogona alendo ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, kapena bwato logoba la asodzi. Ine zonse ziwiri ndazipalasapo ku Chia, kanyanja kaja mumawoloka pamlatho wa msewu wa M5 mukamachokera ku Salima, musanafike pa boma la Nkhotakota.

Kayaki siivuta kuphunzira. Nkhafi yake ili ndi mapeto awiri, ndiye ngakhale munthu woti sanakwerepo, pakatha theka la ola wayamba kuyenda mowongoka. Ndi yopepuka, anthu awiri amainyamula. Imalowa mwakachetechete m'timipata ta m'bango momwe madzi ndi olekeza m'mawondo. Kayaki zambiri ndi zoti munthu amakhala pamwamba pake, zili ndi timabowo totulutsa madzi, choncho zokapa palibe. Koma dziwani kuti kabudula amakhala wonyowa tsiku lonse, pomwe madzi osayenda a m'bango ndiye kwawo kwa nkhono za likodzo.

Ikafika nkhani ya katundu, kayaki yagonja. Tenti, neti ya udzudzu, mbaula, makala, ufa, poto, chigubu cha madzi akumwa: zonsezi muziika pati? Bwato limameza zonse, malo a nsomba n'kutsalanso.

Bwato nalo lili ndi mwambo wake. Kukamwa kwake n'kopapatiza, moti sumakhala m'kati ngati pampando. Umakhala pamlomo, miyendo yokha ndiyo ili m'kati. Tsiku loyamba ndinatembenuka mofulumira kuti nditenge chitini cha nyongolotsi, kuzindikira ndili m'madzi, chipewa chikuyandama uko. Mwini bwato, bambo wachikulire, sanaseke n'komwe. Anangondiuza kuti ndizisuntha mutu wokha, chiuno ndichisiye pomwe chili. Mabwato ambiri masiku ano ndi a mango kapena bulugama poti mitengo ikuluikulu ngati mbawa inasowa, ndiye sachedwa kung'aluka. Mudzaona zigamba za malata zomata ndi phula, ndipo ntchito yokapa madzi ndi chigubu chodula idzakhala yanu, inu mlendo.

Powedza makumba ndi timbedza ting'onoting'ono, zonse n'chimodzimodzi. Kusiyana kumaoneka mlamba waukulu ukadya nyambo. Pa kayaki umakukoka ngati ngolo, kukulowetsa m'bango, ndipo ukauvuula ulibe pouika koma pakati pa miyendo yako, minga yake ya m'mbali ili chilili. M'bwato umangouponya pansi, kuugogoda pamutu ndi kamtengo, basi nkhani yatha. Bwato ndi lolemeranso, silitengeka msanga ndi mphepo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mwera ukakuntha, kayaki yopanda katundu imapita komwe mphepo ikufuna, iwe ukupalasa mpaka mapewa kuwawa.

Za mvuu ndi ng'ona tisanamizane, palibe chokutetezani pa ziwirizi. Mvuu imagubuduza bwato ngati chipande. Chomwe chimandipangitsa kusankha bwato n'chakuti silibwera lokha, limabwera ndi mwini wake. Iyeyo ndiye amadziwa kumene mvuu zaswera chaka chino, gombe lomwe ng'ona zimaothera dzuwa, ndi pomwe anzake atchera matchera ndi miono. Pa kayaki ndinakolapo nkhafi m'matchera a eni, ndipo kupepesa kwake kunanditengera nthawi yaitali kuposa kukolola. Madzulo, bambo aja ndiwo anandiletsa kukhoma tenti pamalo ena osalala bwino omwe ndinawakonda. Anandionetsa mapazi m'matope: inali njira ya mvuu popita kukadya usiku. Ndiwonso anandiperekeza kwa amfumu ndi kwa a komiti ya padoko kukadziwitsa kuti kugombe kugona mlendo.

Ndiye ngati mukungofuna kupalasa m'mawa, kuona mbalame n'kubwerera nkhomaliro isanakwane, tengani kayaki, muvale jekete yoyandamitsa. Ngati n'zogona komweko ndi kudya nsima ya mlamba wowamba nokha, pitani padoko dzulo lake, mukagwirizane mtengo ndi mwini bwato, ndipo foni ndi machesi muzikulunge m'majumbo awiri.